Kwa akuluakulu opanga magemu: za batani losankhira mwamuna kapena mkazi

Akuluakulu,

Kalatayi ndikulembera inu nonse amene muli pa mipando yolamula m'makampani opanga magemu, kaya a pakompyuta, a pa PlayStation ndi Xbox, kapena a pafoni, makamaka inu amene mumasainira kuti ndalama zipite uku, uku zisapite. Nkhani yanga ndi ya kamphindi kaja munthu asanayambe n'komwe kusewera, pamene gemu imamufunsa kuti mtengambali wake, kamunthu kamene azikayendetsa pa sikirini, akhale mwamuna kapena mkazi. Ine ndine mwamuna, ndipo kawirikawiri ndimasankha mkazi. Ndili ndi anzanga aakazi amene amasankha mwamuna. Kwa inu tonsefe timafika ngati manambala, ndipo manambalawo ndi amene mumatsamira pogamula za gemu yotsatira. Vuto n'lakuti nambala siulula chifukwa. Ine ndi anzanga aja timachita chinthu chooneka chofanana, koma chimene chimakankha chala changa ndi chimene chimakankha chala chawo n'zotalikirana kwambiri.

Zifukwa zopepuka ndizo zochuluka. Magemu ambiri amakuika kumbuyo kwa mtengambali wako, n'kumamuona akuthamanga, akulumpha, akukwera makoma kwa maola makumimakumi. Munthu amafuna kuti chimene akuyang'ana nthawi yonseyo chizimukomera m'maso. Amuna ambiri mukawafunsa amayankha zomwezi, ena mwaulemu, ena mosabisa mawu. Palinso nkhani ya zovala. M'magemu ambiri mtengambali wamkazi mumamupatsa masitayilo a tsitsi osawerengeka ndi zovala zamitundumitundu, pamene wamwamuna mumangomupatsa chifuwa chotambalala, khosi lonenepa ndi nkhope yokwiya. Mwamuna wochepa thupi, wofatsa, akayang'ana chimphona chimenecho sadzionamo ngakhale pang'ono. Poti onse awiriwo sakufanana naye, amatenga amene wajambulidwa mwaluso.

Osewera sagwirizananso pa funso lakuti mtengambali ndi ndani. Kwa ena, kamunthu ka pa sikiriniko ndi iwo eni, ndipo kakamenyedwa amati “andimenya”. Kwa ena ndi munthu wa m'nkhani amene akumuperekeza, kumusankhira njira ndi kumudera nkhawa. Ine ndili m'gulu lachiwirili. Mwamuna akamawerenga buku limene wofotokoza nkhani ndi mkazi, palibe amamuyang'ana modabwa. Koma akatenga mkazi m'gemu, anzake amayamba kumuseka ndi kumufunsa mafunso okhudza umuna wake, ndipo anyamata ena amasiya kusankha chimene akufuna poopa kusekedwako.

Pa nkhani ya maso ija sindikusiyani opanda mawu, chifukwa mwaidyerera. Mu 1986 kampani ya Nintendo inatulutsa Metroid. Wosewera ankayendetsa msilikali wovala zachitsulo thupi lonse, dzina lake Samus Aran, ndipo kabuku ka malangizo ka Chingerezi kankamutchula ngati mwamuna. Amene anamaliza gemuyo mwachangu anadabwa kuona Samus akuvula chipewa n'kupezeka kuti ndi mkazi. Anyamata osawerengeka anali atakhala mkazi kwa maola ambiri osadziwa, ndipo palibe chimene chinawachitikira. Imeneyo inali nzeru yaikulu. Koma gemu yomweyo inali ndi mbali ina: ukamaliza mofulumira kwambiri, Samus ankatsala ndi kachovala kosambira. Thupi lake linasanduka mphoto. Njira ziwirizi zinabadwa tsiku limodzi, ndipo ambiri a inu munatsata yachiwiriyo. Mpaka lero tikuona zovala zankhondo zomwe mwamuna akavala zimamuphimba kuyambira kukhosi mpaka kumapazi, koma zomwezo mkazi akavala zimasiya mimba ndi ntchafu pamtunda. Kukongola si mlandu, ndipo alipo akazi amene zovala zoterozo amazikonda. Koma mkazi amene akufuna kukhala msilikali weniweni, wotetezeka thupi lonse, nthawi zina amakakamizika kutenga mtengambali wamwamuna kuti angopeza chovala choti angakhale nacho momasuka. Ameneyo mumamuwerenga kuti amakonda kusewera ngati mwamuna, chonsecho mwamuthamangitsa ndinu.

Ena sasamala n'komwe za maonekedwe, amangofuna kupambana. Street Fighter II ya Capcom itatuluka mu 1991, mwa omenyana 8 mkazi anali mmodzi, Chun-Li, ndipo anyamata ankamulimbirana chifukwa cha liwiro lake ndi mateche ake obwera motsatizana. Mu Fortnite osewera ambiri ampikisano amavala matupi aakazi pokhulupirira kuti thupi lochepa silitchinga sikirini. M'magemu ngati Black Desert ndi Lost Ark, ntchito zina munazimangirira ku mkazi, zina ku mwamuna, kotero kuti wofuna mtundu wakutiwakuti wa matsenga alibe kuchitira mwina. Kumangirira kumeneku sindikuona phindu lake kupatula kukupulumutsirani ndalama zojambulira. Akale anu anachitapo zoposa apa. Buku la malamulo la 1978 la Advanced Dungeons & Dragons, gemu ya patebulo imene magemu ambiri a pakompyuta anatengerako, linaika malire pa mphamvu za mtengambali wamkazi kuti asafike pamene wamwamuna angafike, m'dziko la zinjoka zouluka ndi anthu oponya moto ndi manja. Lamulo limenelo linachotsedwa mu 1989. World of Warcraft, kuyambira 2004, siisiyanitsa mphamvu za mwamuna ndi mkazi, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Chifukwa changa ine chachikulu ndi mawu. Mu Mass Effect ya BioWare, imene inayamba mu 2007, Commander Shepard akhoza kukhala mwamuna kapena mkazi, nkhani n'kukhala yomweyo. Mawu a mwamuna analankhula ndi Mark Meer, a mkazi ndi Jennifer Hale. Ndinayesa onse awiri, ndipo Hale ndi amene anandigwira mtima. Akamalamula asilikali ake zinthu zitathina, umamva kutopa kwa munthu amene wasenza miyoyo ya anzake koma sakufuna kuti iwo adziwe kuti watopa. Luso limenelo ndi limene ndinatsatira.

BioWare inalengeza kuti osewera 18 okha pa 100 alionse ndi amene anasankha Shepard wamkazi. Ndikudziwa mmene nambala yotereyi imamvekera m'zipinda zanu za misonkhano: akazi sayenda malonda. Koma taonani mmene munakonzera mpikisanowo. Pa chikuto cha gemu yoyamba ndi yachiwiri, Shepard anali mwamuna. Pa zotsatsa malonda, mwamuna. Munthu wofulumira kuyamba akangodina osasintha kalikonse, ankapatsidwa mwamuna. Shepard wamkazi anadzaoneka pa chikuto mu 2012, pa gemu yachitatu, ndiponso kuseri kwa pepala, koti wogula achite kutembenuza yekha. Ndi zonsezo, pafupifupi munthu mmodzi mwa 5 alionse anapatuka dala kukamufuna. Ine nambala imeneyo ndimaiona kuti ndi yaikulu.

Zinabwerezanso ndi Assassin's Creed Odyssey ya Ubisoft mu 2018: mwamuna, Alexios, patsogolo pa chikuto, mkazi, Kassandra, kumbuyo, kenaka chilengezo chakuti pafupifupi osewera awiri mwa atatu alionse anasankha Alexios. Mu 2014 kampani yomweyo inali itafotokoza kuti mu Assassin's Creed Unity simukhala mkazi woseweredwa chifukwa ntchito yojambula mayendedwe, zovala ndi mawu ikanawirikiza kawiri. Ndipo a Dontnod a ku Paris ananena poyera kuti pamene ankafunafuna wowatulutsira Remember Me, makampani ena anawakana chifukwa mtengambali wamkulu, Nilin, anali mkazi. Capcom ndi imene inaitulutsa mu 2013. Zonsezi zinkachitika patadutsa zaka zoposa 15 chitulukireni Tomb Raider mu 1996, gemu imene anyamata mamiliyoni anagula n'kukhala Lara Croft popanda kudandaula. Umboni munali nawo kale m'mabuku anu a ndalama.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti funsoli limafunsidwa mbali imodzi. Mwamuna akasankha mkazi, anthu amafuna afotokoze. Koma akazi akhala akusewera ngati amuna kuyambira kalekale popanda wowafunsa maganizo, poti batanilo kunalibe. Mtsikana wokonda magemu a Zelda, amene anayamba mu 1986, ankakhala mnyamata wotchedwa Link, ngakhale dzina la gemuyo ndi la mkazi. Zelda mwiniwake anadzakhala mtengambali wamkulu m'gemu yotulutsidwa ndi Nintendo mu 2024. Pokémon inayamba mu 1996, koma mwayi wosankha mtsikana unabwera mu 2000, pa Pokémon Crystal. Kuchokera pa Grand Theft Auto III ya 2001 mpaka Grand Theft Auto V ya 2013, nkhani yonse unkaisewera ngati mwamuna. Gemu ya mpira ya FIFA inayamba mu 1993, ndipo matimu a akazi anadzalowa mu 2015, a mayiko 12 okha. Atsikana onsewo anasewera, anasangalala, anazolowera kudziika m'thupi la wina.

Amuna titayesedwa ndi chinthu chomwecho zinaoneka. Mu Epulo 2016 kampani ya Facepunch, ya Garry Newman, inachita zachilendo m'gemu yake ya Rust. Wosewera aliyense anapatsidwa thupi la mwamuna kapena la mkazi mwamaere, lomangirira ku akaunti yake ya Steam (sitolo ya magemu ya pa intaneti), losasinthika. Amuna ambiri anakwiya kuti alipira ndalama zawo, n'chifukwa chiyani akukakamizidwa kukhala akazi. Yankho la kampaniyo linali lakuti palibe chasintha kwenikweni, popeza theka la anthu linali likumva kale chimodzimodzi. Ine sindikupemphani kuti mutengere Rust. Kukakamiza ndi kukakamiza, kaya kwagwera ndani. Koma mkwiyo umenewo unasonyeza kuti thupi la m'gemu si nkhani yaing'ono monga ena amanenera akazi akamadandaula.

Akatswiri ena anachita zimene inu mukanayenera kuchita, kukhala pansi n'kuyang'anitsitsa. Mu 2014 Rosa Mikeal Martey ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa osewera 375 a World of Warcraft. Amuna 23 pa 100 alionse anali ndi mtengambali wamkazi, pamene akazi okhala ndi wamwamuna anali 7 pa 100 alionse. Amuna a m'matupi aakaziwo ankalemba mauthenga okhala ndi tinkhope tomwetulira tambiri ndi mawu oonetsa mmene akumvera, kuyandikira kalembedwe ka akazi. Koma mayendedwe ankawaulula: ankalumphalumpha kwambiri, ankayenda chambuyo, ankaima patali ndi gulu.

Nick Yee, amene wakhala akufufuza za osewera kwa zaka zambiri, anapeza ndi anzake chinthu chimene ndimachiganizira kawirikawiri. Anthu amati akazi amakonda ntchito yochiritsa anzawo m'gemu. Atawerenga zochitika mu World of Warcraft, anapeza kuti akazi enieni sachiritsa kuposa amuna. Amene amachiritsa kwambiri ndi atengambali aakazi, posatengera kuti pa kiyibodi pali ndani. Ndiye kuti mwamuna akalowa m'thupi la mkazi amayamba kuchita zimene akuganiza kuti mkazi amachita. Yee yemweyo ndi Jeremy Bailenson, ku yunivesite ya Stanford mu 2007, anaonetsa kuti anthu opatsidwa thupi lalitali ankalimba mtima pokambirana zogawana ndalama kuposa opatsidwa lalifupi. Thupi limene mumatipatsa limalowerera m'khalidwe lathu. Choncho mukamajambula mkazi kuti ntchito yake ikhale yoima kumbuyo n'kumapoletsa mabala a amuna, dziwani kuti mukuphunzitsa anthu mamiliyoni, ndi ana omwe.

Pali gulu lina limene sililankhula mokweza. Kwa anthu ena, batani limeneli ndi malo oyamba m'moyo wawo pamene anafunsidwa kuti akufuna kuoneka bwanji, n'kuyankha popanda kuopa mbama kapena kusekedwa. Alipo amene amangofuna kulawa, kuona mmene anthu amakulandirira ukakhala mbali inayo, n'kubwerera. Aliponso amene mumtima mwawo sagwirizana ndi mmene anthu amawaonera, ndipo m'gemu ndi mmene amapumirako. Kaya inu kapena ine tikuganiza zotani pa nkhani zimenezi, munthu amene wakhala yekha pa sikirini n'kusankha tsitsi ndi dzina sanalakwire aliyense. Musamufunse chiphaso, ndipo musamulipiritse. Kwa zaka zambiri kampani ya Blizzard inkalipiritsa madola 15 kuti munthu asinthe mtengambali wake wa World of Warcraft kuchoka ku mwamuna kupita ku mkazi kapena kubwerera. Mu 2020 inachotsa mtengowo, ndipo tsopano umangolowa kwa wometa wa m'gemumo n'kusintha. The Sims 4, mu 2016, inamasula zovala, tsitsi, mawu ndi kayendedwe kuti aliyense atenge chimene akufuna. Magemu awiriwa sanagwe. Amene mukugulitsabe kusinthaku ngati katundu, lekani.

Zonse ndanenazi ndi za anthu amene amasankha chifukwa chofuna. Chimene chandilembetsa kalatayi ndi china.

M'gemu ina ya pa intaneti, ya anthu ambirimbiri m'dziko limodzi, ndinapanga mkazi woponya mivi n'kumupatsa dzina lachikazi. Ndili pa levulo yotsika, nditaima pamsika wa m'gemumo n'kumasirira uta umene ndalama zanga sizinkakwana, munthu wina anandiyandikira n'kunditumizira utawo kwaulere, ndi golide pamwamba. Ndinathokoza. Posakhalitsa uthenga wamseri unalowa. “Uli ndi zaka zingati?” Kenaka, “Umakhala kuti?” Kenaka, “Tumiza chithunzi ndikuone.” Nditamuuza kuti ndabwera kudzasewera basi, anasintha nthawi yomweyo. Anafuna uta wake, ananditchula mayina amene sindingalembe pano, ndipo ankanditsatira kulikonse, n'kumapha zilombo zimene ndinkasaka ndisanazifike. M'gemu yomweyo ndinali ndi mtengambali wamwamuna. Ameneyo palibe anamupatsapo kanthu, ndipo palibe anamufunsapo zaka. Zimenezi si zatsopano. Amy Bruckman analemba mu 1993, nthawi imene magemu ambiri a pa intaneti anali a zilembo zokhazokha opanda zithunzi, kuti atengambali aakazi ankapatsidwa thandizo limene sanapemphe ndiponso kufunsiridwa mosalekeza, ndipo amuna osewera ngati akazi ankadabwa nazo. Papita zaka zoposa 30. Zithunzi zanu zafika pooneka ngati filimu, koma khalidweli lili pomwe linali.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu muyankhe: nanga aja amene amadzisandutsa akazi dala kuti adyere anzawo, kulandira mphatso, mwinanso kubera anthu ndalama zenizeni? Alipo, sindikana. Koma mlandu wawo ndi kuba ndi kunama, ndipo malamulo a zimenezo muli nawo kale. Kusankha mtengambali si lumbiro lakuti umu ndi mmene ndilili. Wosewera ngati chimphona chobiriwira sananene kuti ndi chimphona. Mukadzayesa kuthetsa chinyengo pokakamiza aliyense kusewera mogwirizana ndi chiphaso chake, oyamba kuvulala adzakhala akazi, chifukwa mudzawalanda chishango chimene ambiri akudalira panopa.

Mnzanga wina amene timasewera naye gemu yowomberana, ya matimu a anthu 5, ndi katswiri kundiposa ine kutali. Mtengambali wake ndi msilikali wandevu, dzina lake pa sikirini n'lachimuna, ndipo tikalowa ndi anthu osawadziwa amalemba kuti maiki yake ndi yowonongeka. Siyowonongeka. Usiku wina titatsala pang'ono kupambana, iye anaona adani akutizembera, ndipo nthawi yolemba panalibe. Anatsegula maiki n'kufuula kuti, “Kumanzere, pa masitepe, alipo awiri!” Anatipulumutsa. Koma anyamata awiri achilendo a m'timu mwathu momwemo anaiwala gemu n'kutembenukira iye. Wina anayamba kuyeserera mawu ake monyodola. Wina anafunsa ngati ali ndi chibwenzi, kenaka n'kuyamba kufotokoza zimene angamuchite. Gawo lotsatira, mmodzi wa iwo anaima dala pakhomo kuti asadutse, mpaka anaphedwa ali pomwepo. Tinawadzudzula, tinawatsekera mawu, tonse tinadina batani lopereka lipoti. Chimene chinabwera ndi uthenga wa makina wotithokoza chifukwa cha lipotilo. Kupitirira apo, zii. Mawa lake analembanso kuti maiki yake ndi yowonongeka.

Mnzangayu sasankha mwamuna chifukwa chokonda ndevu. Gemuyo ili ndi mtengambali wamkazi amene amamukonda, ndipo timamuona akumutenga tikakhala tokhatokha. Zaheer Hussain ndi Mark Griffiths, a ku yunivesite ya Nottingham Trent, atafunsa osewera mu 2008, anapeza kuti oposa theka anali atasewerapo ngati munthu wa mbali inayo, ndipo akazi ena anafotokoza kuti amatero pofuna kupewa kuvutitsidwa ndi amuna. Musanyengeke ndi 7 pa 100 uja wa mu World of Warcraft n'kuganiza kuti obisala ndi ochepa. M'gemu imene aliyense akudziwa kuti mkazi wa pa sikirini akhoza kukhala mwamuna, thupi silimuulula munthu. Chimene chimamuulula ndi dzina ndi mawu, ndipo zimenezo ndi zomwe akazi ambiri amabisa.

Musanenenso kuti ndi tsoka la munthu mmodzi. Jeffrey Kuznekoff ndi Lindsey Rose anajambula mawu a mwamuna ndi a mkazi akunena ziganizo zofanana, za moni ndi zoyamikira masewera, n'kumawaulutsa m'mipikisano ya Halo 3 pakati pa anthu osawadziwa. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2013, zinali zakuti mawu a mkazi analandira zonyoza zochuluka katatu kuposa a mwamuna. Mu 2015 Kuznekoff ndi Michael Kasumovic anapezanso kuti amuna amene ankasewera mofooka, ophedwa pafupipafupi, ndi amene ankalusira kwambiri mawu a mkazi, pamene osewera bwino ankalankhula naye mwaulemu.

Taganizirani mtengo wa kukhala chete kumeneku. M'gemu yowomberana, mawu ndi chida chofanana ndi mfuti. Timu yolankhulana imagonjetsa timu yachete ngakhale luso lawo litafanana. Mkazi amene wazimitsa maiki akusewera ndi dzanja limodzi, ndipo amaluza mipikisano imene akanapambana. Sapanga maubwenzi amene amuna amapanga pocheza pakati pa magawo, saitanidwa m'matimu aakulu. Kenaka wina amaloza mndandanda wa akatswiri n'kunena kuti taonani, akazi mulibe, magemu awa si awo. Ndipo inu mumamva zimenezo n'kukonza gemu yotsatira ya anyamata okhaokha.

Njira zina mwaziona kale kuti zimagwira. Apex Legends ya Respawn, mu 2019, inabwera ndi njira yolozera: ukadina batani limodzi, mtengambali wako amauza timu kuti apa pali mdani, apa pali zipolopolo, tiyeni uku. Munthu akhoza kusewera bwino osatsegula pakamwa. Ikani zoterezi m'gemu iliyonse ya matimu. Koma musaime pamenepo, chifukwa kumeneko n'kuthandiza wochitiridwa chipongwe kuti akhale chete bwinobwino, wachipongweyo akadali ndi maiki yake. Mu 2023 Activision inayamba kugwiritsa ntchito makina a kampani ya Modulate omvetsera zolankhulidwa mu Call of Duty kuti azitola zachipongwe. Ndi chiyambi chabwino. Koma kumbuyo kwa makinawo kukhale anthu enieni, olipidwa bwino, omva zilankhulo zambiri, poti chipongwe sichichitika m'Chingerezi chokha. Wopezeka wolakwa azilandidwa kaye maiki, akabwereza azitsekeredwa akaunti, ngakhale atakhala kuti wagula zovala za ndalama zambiri m'sitolo yanu ya m'gemu. Apa ndi pamene ndimakukayikirani. Wotukwanayo nthawi zambiri ndi kasitomala amene mukumuona, pamene mkazi amene wachoka mwakachetechete salembedwa m'buku lililonse. Komatu ku America bungwe la makampani anu lomwe, Entertainment Software Association, lakhala likulengeza chaka ndi chaka kuti pafupifupi theka la osewera ndi akazi. Amene mukumutaya naye ndi kasitomala.

Ndinamuuza mnzanga uja kuti ndikulemba kalatayi, n'kumufunsa chimene angafune ndikuuzeni. Sanatchule zovala kapena chikuto. Anati akapereka lipoti muzimuyankha, muzimuuza ngati munthu wamvetsera zimene zinanenedwa ndiponso chimene mwachita naye wolakwayo, kuti adziwe ngati kudina batani limenelo kuli ndi phindu. Pempho lake ndalifikitsa, ndipo ine ndi iye tikudikira yankho lanu.

Ine wanu,
Wosewera magemu